Agogo osochera usiku vuto lili m'maselo a ubongo

Akonzi,

Tipatseniko malo tifotokoze zimene zimachitika m'mutu mwa agogo amene anthu amawapeza m'bandakucha ataima pamphambano, chitenje chili m'manja, kwawo osakudziwa. Anthu amathamangira kunena kuti agwa m'lichero. Choyamba kuganizira pamenepo ndi dementia, kutanthauza kufooka kwa ubongo kochititsa munthu kuiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo, ndipo mwa odwala dementia 10 alionse, 6 kapena 7 amakhala kuti ndi matenda a Alzheimer. Matendawa ali ndi poyambira pake pooneka ndi makina, ndipo n'zimene tikufuna owerenga anu adziwe.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Selo iliyonse ili ndi thupi lake ndi mchira wautali wotchedwa axon, umene umatumiza uthenga ku maselo ena. Mchirawu ndi wowonda kwambiri kuposa tsitsi, koma ina, monga yochokera kumsana kukafika kuphazi, imatalika pafupifupi mita imodzi. Zinthu zambiri zofunika kumapeto kwa mchira zimapangidwa m'thupi la selo, choncho ziyenera kusenzedwa ulendo wonsewo. Njira yake ndi timachubu totchedwa microtubule, tonenepa mananomita 25 okha (mananomita miliyoni imodzi ndiwo amakwana milimita imodzi), kalikonse kopangidwa ndi timizere 13 ta puloteni ya tubulin. Pamwamba pa timachubuti pamayenda puloteni ya kinesin, ya miyendo iwiri, katundu ali pamutu ngati mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Ikaponda kamodzi imasuntha mananomita 8, ndipo katundu wothamanga amayenda mamilimita 200 mpaka 400 pa tsiku. Yobwerera ndi zotha ntchito ndi puloteni ina yotchedwa dynein.

Timachubuti timafuna chotigwira, monga mmene nsungwi za nkhokwe zimafunira luzi. Luzi lake ndi puloteni ya tau, imene gulu la Marc Kirschner linaipeza ku yunivesite ya Princeton ku America mu 1975. Tau siyenera kumata mpaka kalekale. Imagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, kuti selo izitha kukonza njira zake. Choilamula ndi timagulu ta fosifeti, tizidutswa ta kemikolo tomamatira pa mapuloteni. Mapuloteni otumiza uthenga m'selo otchedwa kinase, makamaka GSK-3β ndi CDK5, amapachika fosifeti pa tau ndipo tau imamasuka. Puloteni ina yotchedwa PP2A imachotsa fosifetiyo ndipo tau imagwiranso. Iyo yokha imagwira pafupifupi 70 peresenti ya ntchito yochotsayi. Mu ubongo wabwinobwino tau imodzi imakhala ndi mafosifeti awiri kapena atatu. Mwa wodwala Alzheimer amachuluka katatu kapena kanayi.

Apa m'pamene pamakhota nyani mchira. CDK5 imadzutsidwa ndi puloteni ya p35, imene sichedwa kutha, choncho CDK5 imagwira ntchito pang'ono n'kupuma. Koma kashiamu akalowa wambiri m'selo, monga zimachitikira selo ikavutitsidwa ndi zinyalala za puloteni ya amyloid-beta kapena ikaperewera magazi, puloteni ya calpain imadula p35 n'kusiya chiduswa chotchedwa p25. Chiduswachi sichitha msanga, ndiye CDK5 imangokhalira kupachika fosifeti. GSK-3β nayo ili ndi buleki yake: insulini ikafika pa selo imadzutsa kinase ina yotchedwa Akt, ndipo Akt imazimitsa GSK-3β. Maselo akasiya kumvera insulini, bulekiyo imafooka. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene ofufuza akulumikizira matenda a shuga ndi dementia.

Tau ikalemedwa ndi fosifeti imasiya timachubu, n'kusochera kupita m'thupi la selo, kumene imamatana ndi inzake n'kupanga timaulusi topotana. Katundu amaima panjira. Mitochondria, yopatsa selo mphamvu, sifika kumapeto, ndipo polumikizirana maselo pamayamba kufota selo isanafe. Ulusi wopotanawu ndi umene dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anauona mu ubongo wa wodwala wake Auguste Deter, yemwe anamwalira ku Frankfurt mu 1906 ali ndi zaka 55. Kuti ulusiwo ndi tau zinadzatsimikizika cha mu 1986.

Mfundo imene mabanja ayenera kuigwiritsa ndi yakuti vutoli silibuka paliponse nthawi imodzi. Mu 1991 ofufuza Heiko ndi Eva Braak anaonetsa kuti limayenda m'magawo 6. Limayambira cha ku entorhinal cortex, mbali yothandiza munthu kudziwa malo, n'kulowa mu hippocampus, kumene zochitika zatsopano zimasungidwa, kenako n'kufalikira kwina. N'chifukwa chake agogo amathira mchere kawiri m'ndiwo, n'kukana kuti sanadye chikhalirecho mbale ili poteropo, koma nyimbo za pa chinamwali chawo akuimba osaphonya liwu. N'chifukwa chakenso amatuluka kukafuna mudzi umene anasamukako kalekale, n'kumaitana abale amene anatisiya. Akafunsidwa ndi gulu lolusa, amatha kuvomera chilichonse, chifukwa funso lenilenilo sakulisunga m'mutu. Kuvomera kotere si umboni. Ndipo tikumbutse kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mankhwala ochiza kulibe, ndipo amene akugulitsa zitsamba "zotsuka ubongo" akungodyera mabanja ovutika. Mankhwala a donepezil amachulukitsa acetylcholine, kemikolo yonyamula uthenga, pakati pa maselo otsala n'kuchepetsako zizindikiro, koma tau saikhudza. Lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, amachotsa amyloid ndipo pa kafukufuku wa miyezi 18 anachedwetsa kufooka ndi 27 peresenti. Ndi wodula, wolandirira m'mitsempha, ndipo amafuna kujambula ubongo pafupipafupi poopa kutupa. Tideglusib, woletsa GSK-3β, sanathandize odwala Alzheimer atayesedwa. Kinase zimenezi zili ndi ntchito zina zambiri m'thupi, choncho kuzizimitsa popanda kuononga kwina n'kovuta.

Komabe wodwala apite kuchipatala, chifukwa si kuiwala konse kumene kuli Alzheimer. Ayezedwe HIV, chindoko, chithokomiro, vitamini B12, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, afunsidwenso za mowa ndi matenda okhumudwa. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Ngati kusokonezeka kwabwera m'masiku awiri atatu, ganizirani malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena sitiroko, ndipo musagone naye pakhomo. Alzheimer imabwera mwakachetechete, kwa zaka. Bungwe la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikukhudzana ndi zinthu 14 zotheka kuzisintha, kuphatikizapo kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa, kuvulala m'mutu ndi kusamva bwino m'makutu. Chipewa cha pa njinga yamoto chikulowa pomwepa.

Pakhomo, asokereni kansalu kolembapo dzina la mudzi ndi nambala ya foni m'kati mwa chovala. Pakhale nyali panjira ya kuchimbudzi, chifukwa kusokonezeka kumakula dzuwa likamalowa. Moto ndi mankhwala zikhale m'manja mwa wina. Ndipo banja lidziwitse anyakwawa ndi anansi matenda akangoyamba, kuti wowapeza panjira usiku adziwe khomo lowaperekezako.

Ife owerenga anu,
Blantyre