Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: akatswiri a zakudya za odwala tinawaphunzitsa, tsopano tiwasunge

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani ine mayi amene ndinagona masabata asanu ndi awiri pachitando cha chipatala china chachikulu, ndikudikirira amayi anga. Anakhala ndi matenda a shuga zaka zambiri, kenaka anachita sitiroko, mbali yakumanja n'kufa. Kumeza kunakanika. Madokotala anawalowetsa chubu m'mphuno, namwino n'kundiuza kuti, "Muziwapatsa phala lamadzimadzi kuti lizidutsa bwino." Malangizo a chakudya anathera pomwepo. Namwinoyo ndilibe naye mlandu, chifukwa usiku umenewo wodi yonse inali pamutu pake.

Ndiye ndinkaphika mmene ndinamvera. M'bandakucha ndimakoleza mbaula, kuphika phala la ufa woyera, n'kulisungunula mpaka lioneke ngati madzi otsukira mpunga, poopa kuti lingatseke chubu. Mafuta sindinkathira, popeza azimayi anzanga pachitando anati kwa munthu wa BP mafuta ndi mdani. Dzira ayi, nsinjiro ayi. Ndimakoka phalalo ndi sirinji yaikulu katatu patsiku, mtima uli m'malo kuti ndikusamala kholo langa. Pofika sabata yachitatu, chitenje chimene amayi ankamanga kamodzi chinayamba kuzungulira kawiri. Kumsana kunatuluka chilonda chosapola ngakhale ankachitsuka tsiku ndi tsiku. Shuga amati akakwera m'mawa, madzulo n'kutsika mpaka thukuta kuti chuchuchu. Lero ndikudziwa kuti amayi ankatha ndi njala m'manja mwanga momwe, ndipo palibe anazindikira msanga, chifukwa chiwagonekereni palibe anawayezapo thupi.

Anatipulumutsa ndi mtsikana wina wa gawuni yoyera, yemwe poyamba ndinkamuyesa dokotala wophunzira. Anati iye ndi dietitian, katswiri wa zakudya za odwala. Anawayeza amayi pamkono ndi kalamba kamanambala, n'kundifunsa kuti adya chiyani dzulo ndi dzana, makapu angati, kapu yake ndi iti. Ndinakaitenga kuchitando, iye n'kuiyang'ana, n'kuwerengera papepala. Kenaka anandilembera: phala la mgaiwa ndi soya, nsinjiro, dzira lophika lonyenyanyenya, mkaka, timafuta pang'ono, zonse zosefa bwino, kasanu ndi kamodzi patsiku, mutu wa bedi utakwezedwa kuti chakudya chisalowere m'mapapo. Anandichenjeza kuti ndisawonjezere zonse tsiku limodzi, chifukwa thupi lomwe lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere ya m'magazi imasokonekera ndipo mtima ukhoza kuima. Anapita kwa dokotala kukagwirizana kuti jakisoni wa insulin azitsatana ndi nthawi ya chakudya. Zonse zimene analemba zinali zogulika pamsika wa kunja kwa geti. Patatha masabata atatu, chilonda chija chinayamba kuuma m'mbali.

Tili kunyumba ndinafufuza kumene anthu oterewa amachokera. Mpaka posachedwapa dziko lino silinkaphunzitsa ntchito imeneyi. Ochepa amene tinali nawo anakaphunzira kunja. Mu 2016, yunivesite ya LUANAR ku Bunda, mogwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre yomwe pano ili mu KUHeS (yunivesite yophunzitsa za umoyo), inatsegula maphunziro oyamba a ntchitoyi kwa anthu amene ali kale ndi digiri. Ndalama zinachokera ku boma la America kudzera ku USAID, ndipo yunivesite ya Tufts ya ku America ndiyo inathandiza kukonza maphunzirowo. Bungwe la Medical Council of Malawi linavomereza kuti omaliza azilembedwa m'kaundula monga ogwira ntchito zachipatala ena onse. Mgwirizano womwewo unathandizanso kutulutsa, mu 2019, buku lofotokoza zomwe zili m'zakudya za kuno kwathu, kuti katswiri akamawerengera nsima, usipa kapena bonongwe asamadalire mabuku olembedwera zakudya za kwa eni. Ili linali thandizo labwino, ndipo ndikuthokoza amene analipereka. Silinabwere ngati thumba la ufa lodya n'kutha. Linasiya luso m'mitu ya ana athu.

Koma mukudziwa zimene zinachitika. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pofika Julaye chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Nkhani zambiri zinali pa ma ARV ndi malungo, ndipo n'zomveka. Za akatswiri a zakudya za odwala sizinamveke, chifukwa ndi ochepa ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko. Mantha anga ndi akuti ntchito yaing'ono ngati imeneyi ikhoza kuzimirira mwakachetechete, popanda wolira maliro ake. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Amene ali pamphuno pathu lero ndi achinyamata amene anamaliza kale maphunziro ndi aphunzitsi amene alipo. Malonjezo a opereka thandizo a mawa akali pachala.

Pa za ana dziko lino lagwira ntchito yooneka, ndipo sindikuipeputsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, choncho n'koyenera kuti mphamvu zambiri zinapita kumeneko. Mayi aliyense wa kumudzi amachidziwa chiponde, amawadziwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo mwana wonyentchera akafika kuchipatala pali ndondomeko yomveka: ayambe mkaka wa F-75, kenaka F-100. Nanga bambo wa zaka makumi asanu amene wagonekedwa ndi matenda a impso? Nanga mtsikana amene wapsa ndi moto theka la thupi, yemwe thupi lake likufuna zakudya zomanga thupi zochuluka kuposa za munthu wolima tsiku lonse? Wa khansa amene chakudya chikumununkha, wa TB, wochitidwa opareshoni ya matumbo? Awa ndondomeko yawo ndi gadiyani ndi mbaula yake. Kale mu 2009 kafukufuku wa STEPS, woona za matenda osapatsirana, anaonetsa kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa asanu pa 100 ali ndi shuga. Anthu amenewo ndi amene adzaza mawodi lero.

Pachitando paja ndinaona mayi wina akusendera mwamuna wake nthochi ndi mapeyala tsiku lililonse, ati zipatso zimapatsa mphamvu. Mwamunayo impso zinali zitafooka, ndipo zipatso zimenezo zili ndi potaziyamu wambiri yemwe impso zodwala zimalephera kumutulutsa. Boma limawononga ndalama zankhaninkhani kutsuka magazi a odwala pa makina a dialysis ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central. Kulipira munthu mmodzi woti azikhala pansi ndi mabanja a odwalawo, kuwauza choyenera kulowa mumphika, ndi kandalama kochepa poyerekeza ndi makinawo. Wodwala wodyetsedwa bwino amapola msanga n'kusiyira mnzake bedi. Wonyentchera amakhalitsa, amatenga matenda ena m'wodi momwemo, ndipo amamwa mankhwala amene mukuvutika kugula.

Pempho langa lalikulu ndi ili, a Nduna: alembeni ntchito. Aliyense amene anamaliza maphunzirowa apatsidwe malo m'boma, malipiro ake azichokera ku thumba la boma, osati ku pulojekiti yomwe ili ndi tsiku lothera. Yambani ndi zipatala zinayi zazikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, koma musathere pomwepo, chifukwa odwala shuga ambiri amathera pachipatala cha boma laling'ono kwawo. Ngati simungathe kuika mmodzi m'boma lililonse mwa maboma 28, mmodzi aziyendera maboma awiri kapena atatu pa masiku a kiliniki ya shuga ndi BP. Tikawasiya akungokhala, mabungwe ndi maiko ena adzawatenga, monga anatengera anamwino athu ambiri, ndipo tidzakhala kuti tinalimira anzathu.

Mukawalemba, apatseninso mawu. Dietitian amene saloledwa kulowa m'khitchini ya chipatala kapena kuona ndalama zogulira chakudya ali ngati mlimi wopanda khasu. Mbale imodzimodzi ya nsima ndi nyemba singakwanire wodwala impso, wa shuga ndi wa zilonda za moto nthawi imodzi. Wodwala wamkulu aliyense aziyezedwa thupi tsiku logonekedwa, n'kubwerezanso sabata iliyonse. Sikelo ndi kalamba kapamkono si zinthu zodikira azungu. Ndipo chakudya chapadera chodutsa m'chubu chizigulidwa ndi Central Medical Stores pamodzi ndi mankhwala, chifukwa kwa wodwala amene sakumeza chimenecho ndiye mankhwala oyamba.

Thandizo la kunja sindikulikana. Tikulifunabe, makamaka lophunzitsira aphunzitsi athu mpaka madigiri apamwamba, lolipirira ophunzira ochokera m'mabanja osauka, ndi logulira zida. Koma mukamakhala patebulo ndi abwenzi atsopano, musasaine pepala lomwe silikunena kuti chaka chakutichakuti boma litenga mtolowo. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ndikudziwa kuti thumba ndi lobooka, koma malipiro a anthu makumi angapo sangagwetse unduna.

Amayi anga anatuluka m'chipatala chubu chitachotsedwa, akudya okha ndi dzanja lamanzere. Patapita miyezi ndinabwerera kuti ndikathokoze mtsikana uja, nditanyamula kathumba ka mtedza. Anandiuza kuti nthawi yake ya maphunziro inatha ndipo anachoka. M'wodimo simunabwerenso wina. Kapepala kamene analemba ndikusungabe m'Baibulo. Kazungulira kale nyumba zinayi m'mudzi mwathu, anthu akukopera, ngakhale ndimawauza kuti mwiniwake anati kanali ka amayi okha, malinga ndi thupi lawo ndi matenda awo. Sabata yatha kunabwera mnyamata wina kudzakapempha. Bambo ake atupa miyendo, ndipo kuchipatala amuuza kuti ndi impso. Ndinamukaniza, koma ndinalibe kwina komutumiza.

Ine wanu,
Mayi wina amene anadikirirapo wodwala