Kalata kwa Mnzanga wa ku Pretoria pa Nkhani ya Iran ndi Bomba la Nyukiliya

Achimwene okondedwa,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino kumeneko ku Pretoria. Kuno nafenso Mulungu akutisunga. Ndachedwa kuyankha chifukwa mawu amene munatsirizira nawo kalatayo anandikhala pamtima masiku ambiri. Munati dziko limene latsimikiza mtima kupanga bomba la nyukiliya silimva mawu ena koma kulira kwa mfuti, ndipo kuti Israel ndi America anachita bwino kuphulitsa malo a Iran mu June 2025. Mundilole nditsutsane nanu, pakuti nkhaniyi ndaitsatira kwa zaka zambiri ndipo imandidetsa nkhawa kwambiri.

Zoti malo aja anawonongeka sindikukana. Israel anayamba pa 13 June, ndipo pa 22 June America anaphulitsa Natanz, Isfahan ndi Fordow, malo amene anakumbidwa mkati mwa phiri pafupi ndi mzinda wa Qom. Koma nkhondoyo isanayambe, akatswiri a bungwe la IAEA, limene limayendera malo a nyukiliya padziko lonse, ankalowa m'malo amenewa, ndipo ankadziwa kuti Iran ali ndi makilogalamu oposa 400 a uranium, chitsulo chopangira magetsi kapena bomba la nyukiliya, woyengedwa kufika pa 60 peresenti. Mabomba atangosiya kugwa, Iran anaimitsa mgwirizano wake ndi bungweli. Nyumba zinagwa ndithu, koma pamodzi ndi nyumbazo tinataya maso amene ankatiuza zochitika m'katimo, ndipo nzeru zimene zili m'mitu mwa akatswiri zikwizikwi a ku Iran palibe ndege imene ingazifufute. Izi zinaonekanso ku Iraq. Israel ataphulitsa malo a nyukiliya a Osirak mu June 1981, Saddam Hussein anangosamutsira ntchito ya nyukiliyayo mobisika n'kuikulitsa, ndipo dziko lapansi linadzadziwa kukula kwake nkhondo ya 1991 itatha.

Tsopano taganizirani zimene zokambirana zinapindula popanda kuwombera chipolopolo n'chimodzi chomwe. Mu July 2015, ku Vienna, Iran anachita pangano ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China. Anavomera kuti sadzayenga uranium kupyola 3.67 peresenti, mlingo wokwanira kupangira magetsi koma wotalikirana kwambiri ndi 90 peresenti imene bomba limafuna. Anavomeranso kusunga makilogalamu osapitirira 300 okha, ndipo wotsalayo wambiri anamutumiza ku Russia pa sitima yapamadzi. Makina oyengera anawachepetsa kuchoka pa 19,000 kufika pa 6,000 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo amene anazulidwawo anawatsekera m'nyumba zimene oyendera a IAEA anamatapo zidindo zawo ndi kuikapo makamera. Kawirikawiri oyenderawo ankabwerera ndi lipoti lakuti Iran akusunga mbali yake. Mu May 2018 pulezidenti Donald Trump anatulutsa America m'panganolo n'kubwezeretsa zilango za malonda, ndipo pofika April 2021 Iran anali atayamba kuyenga pa 60 peresenti. Uranium amene ndege zija zinkasaka mu 2025 anapangidwa pangano litasweka, achimwene, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imandiwawa koposa zonse.

Ndikudziwa chimene mudzandiyankhe, ndipo muli ndi mbali ya choonadi. Iran sanakhale pansi kukambirana chifukwa cha ubwino wa mtima. Zilango zinali zitamufinya, mafuta ake sankagulika bwino, ndalama yake inali itagwa mphamvu. Ndikuvomera kuti kukambirana kopanda chokakamiza kumangotha ngati macheza a pakhonde. Ndikuvomeranso kuti North Korea anachita zachinyengo. Mu 1994, nkhondo itatsala pang'ono kubuka, Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, anapita ku Pyongyang, likulu la North Korea, kukaonana ndi mtsogoleri wa dzikolo Kim Il Sung, ndipo pangano limene linatsatira linatseka ntchito ya plutonium, chitsulo china chopangira bomba, pa malo a nyukiliya a Yongbyon kwa zaka zisanu ndi zitatu, koma m'zaka zomwezo dzikolo linayamba kufunafuna njira ina ya uranium mobisa. Komabe onani zimene zinachitika pamene mawu anasanduka oopseza. Mu January 2002 pulezidenti wa America George W. Bush anatchula Iraq, Iran ndi North Korea pamodzi monga mayiko oipa. Chaka chotsatira North Korea anatuluka m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya, Iraq analowereredwa ndi asilikali pa mlandu wa zida zimene sizinapezeke, ndipo mu October 2006 North Korea anaphulitsa bomba lake loyamba. Pofika 2017 anali ataphulitsa kasanu ndi kamodzi. Lero palibe amene angamukhudze, pakuti mzinda wa Seoul, likulu la South Korea, ndi anthu ake mamiliyoni uli pafupi ndi malire, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Palinso Libya. Muammar Gaddafi anapereka zipangizo zake zonse za nyukiliya kuyambira December 2003, zina n'kunyamulidwa kupita ku America. Mu 2011 ndege za NATO zinamuphulitsa, ndipo anafera ku Sirte mu October chaka chomwecho. Gaddafi anazunza anthu ake, ndipo sindikumuikira kumbuyo, koma atsogoleri a ku Pyongyang ananena poyera kuti zimene zinamuchitikira zinawatsimikizira kuti wopereka zida zake amadziika m'manja mwa adani. Ukraine nayenso anapereka zida zimene Soviet Union inamusiyira atalonjezedwa ku Budapest mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa, ndipo mmodzi mwa olonjezawo, Russia, ndiye anamulowerera. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe: mtsogoleri aliyense wa ku Tehran, likulu la Iran, amawerenga mbiri imeneyi. Lonjezo lililonse limene mayiko amphamvu amaswa limachititsa kuti pangano lotsatira likhale lovuta kulipeza, ndipo bomba lililonse limene amaponya limapatsa mphamvu gulu la anthu a m'dzikomo amene akhala akunena kuti chitetezo chenicheni ndi kukhala ndi bomba lako.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti mukulemba zimenezi muli m'dziko lokhalo limene linapanga lokha mabomba a nyukiliya kenako n'kuwaphwasula lokha. Boma la tsankho la South Africa linapanga mabomba asanu ndi limodzi pa nthawi imene linkaopa asilikali a Cuba amene anali ku Angola mothandizidwa ndi Soviet Union. Palibe amene anaphulitsa Pelindaba, malo a nyukiliya a dzikolo. Pangano la ku New York la December 1988 linachititsa kuti asilikali a Cuba abwerere kwawo ndiponso kuti Namibia alandire ufulu, ndipo mantha aja atachoka, pulezidenti F. W. de Klerk analamula kuti mabombawo aphwasulidwe. South Africa analowa m'pangano loletsa kufalitsa zidazi mu 1991, ndipo mu March 1993 de Klerk anaulula zonse ku nyumba ya malamulo. Ena amati ankaopa kusiyira zidazo boma la anthu akuda limene linali kubwera, ndipo mwina n'zoona, koma ngakhale zili choncho chimene chinatsegula njira chinali kukambirana. Dzina lomwelo la Pelindaba ndi limene linapatsidwa pangano losainidwa ku Cairo mu 1996, loletsa zida za nyukiliya mu Africa monse. Ifenso nkhaniyi imatikhudza, pakuti uranium wa ku Kayelekera, ku Karonga, wakhala akugulitsidwa kunja, ndipo chimene chimatitsimikizira kuti akukapanga magetsi ndi oyendera omwewo amene nkhondo imawathamangitsa.

Ndili ndi pempho limodzi. Pelindaba sali kutali ndi kumene mukukhala, ali cha kumadzulo, pafupi ndi damu la Hartbeespoort. Tsiku lina Loweruka mudzadutseko ndi ana, muwauze zimene zinkapangidwa m'dzikomo ndi mmene zinathera, kenako mudzandilembere zimene mwaona ndiponso ngati maganizo anu pa Iran akadali pomwe paja. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa kalekale.