Tadala, usamange katundu msanga

Mwana wanga Tadala,

Uthenga wako wa pa WhatsApp tinaumvera katatu ine ndi amayi ako. Akuti usiku umenewo tulo sanatione. Ine ndinasankha kulemba, chifukwa pafoni ndimakudula pakamwa.

Walephera qualifying exam, mayeso aja okuloleza kupitiriza PhD yako ya fiziki, ndamva. Koma ndatenganso kabuku ka malamulo a dipatimenti yanu kamene unanditumizira utangofika ku America, ndawerenga ndi magalasi anga osweka mwendo aja. Mwalembedwa kuti mayesowa munthu amaloledwa kulemba kawiri. Iwe walemba kamodzi. Nanga zoti ubwerera kumudzi zikuchokera pati?

Tiye tiwerengetse zimene zili m'manja mwako. Makosi anayi akuluakulu aja, classical mechanics, electrodynamics, quantum mechanics ndi statistical mechanics, unakhoza onse, ndipo GPA yako, avereji ya magiredi ako, ili pamwamba pa 3.0 imene amafuna. Ndiye kuti digiri ya masters yatsala pang'ono kukhala yako ngakhale zina zitavuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, usamuiwale polira wa pachala. Chimene chakugwetsa pa qualifying exam ndi pepala la electrodynamics basi, ndipo limenelo lagwetsa ambiri.

Ukukumbukira uli Fomu 3, tsiku limene tinamangirira mwala ku chingwe pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba? Unawerenga maulendo 20 a mwalawo ukupita uku ndi uku ndi wotchi yanga yapamkono, n'kupeza kuti g, muyeso wa mmene dziko limakokera zinthu pansi, ndi 9.1 m'malo mwa 9.8. Unakwiya, n'kunena kuti wotchiyo ndi yabodza. Titabwereza, tinapeza kuti chingwe unayeza kulekeza pa mfundo, osafika pakati pa mwala. Cholakwa chinali pamalo amodzi, ndipo chinapezeka. Pita kwa amene anachonga pepalalo, upemphe akuonetse pomwe unaterereka. Usachite manyazi, amalipidwira zomwezo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi choti umawerenga wekha m'chipinda. Abdus Salam, katswiri wa fiziki wa ku Pakistan amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979, atabwerera kwawo ku Lahore anaona kuti fiziki ikumufera m'manja chifukwa chosowa wokambirana naye, mpaka anabwerera ku Cambridge. N'chifukwa chake mu 1964 anayambitsa ICTP, malo a kafukufuku wa fiziki, ku Trieste m'dziko la Italy, kuti asayansi a maiko osauka asamaume paokha. Ngati munthu ngati ameneyo anasowa anzake, iwe ndiwe ndani? Peza anzako awiri kapena atatu, mutenge mapepala a zaka zam'mbuyo, muzisovera pabolodi, wina akuyang'ana nthawi.

Ndalama usatumizenso mpaka mayeso adutse. Ndikudziwa kuti maola 20 pa sabata ophunzitsa ana a chaka choyamba mu labu ndi kuchonga mapepala awo ndi amene amakudyetsa. Fetereza wa chaka chino tiona chochita, ndipo malume ako ndawauza kale kuti asiye kukuimbira za malata.

Ukadutsa pamenepa mpomwe ntchito yeniyeni ikuyamba. Udzasankha pulofesa wokuyang'anira, adzakuikira komiti, udzawafotokozera chimene ukufuna kufufuza, kenako zaka zitatu kapena zinayi ukukumba chinthu chimene palibe anachipezapo, mpaka tsiku loimirira pamaso pawo kuteteza thesis yako. Zonse pamodzi ambiri zimawatengera zaka ngati 6, ndiye usamadziyerekeze ndi mnzako wa ku Britain amene amaliza m'zaka 3 kapena 4. Iye analowa ali ndi masters kale. Pa za pulofesayo ndikuchenjezeretu: usatengeke ndi dzina. Funsa ophunzira ake iye palibe, ngati amapezeka, ngati ndalama za kafukufuku ali nazo, ndiponso kuti amene anamaliza pansi pake zinawatengera zaka zingati. Ndi ukwati umenewo, ndipo ulibe ankhoswe.

Ukalembanso n'kukanika, tenga masters yako ubwere, tidzakuchingamira ku Chileka mitu ili m'mwamba. Koma ulembe kaye.

Amayi ako akufunsa ngati jekete lija likukwanira kuzizira kwa kumeneko. Undiuze tsiku la mayeso ndilembe pa kalendala.

Ndine bambo ako.