Tilembereniko za woimba chitoliro uyu

Akonzi,

Tsamba lanu la zisangalalo limangokhala la magitala ndi ma DJ basi, ndiye ndati ndikutsineni khutu za mayi wina wa ku America, Claire Chase, amene ntchito yake ndi kuimba chitoliro m'maiko osiyanasiyana. Ndinamuonera pa YouTube mpaka bando inatha. Poyamba ndinkaona ngati sipika ya foni yafa, chifukwa nyimbo zake sizovinika ayi, pena amangouzira mpweya okhaokha mu chitoliromo, pena kugogoda timabatani ndi zala, kenako kaphokoso kosongoka ngati mbalame yadzidzimuka. Koma ukamvera kachiwiri zimakulowa ndithu.

Mayiyu anayamba mu 2013 kupempha opeka nyimbo amene ali moyo kuti azimupekera zatsopano mpaka 2036, chaka chomwe nyimbo ya chitoliro yotchedwa Density 21.5, imene anapeka malemu Edgard Varèse, idzakwanitse zaka 100. Zaka 23 osatopa! Ali ndi chitoliro china chachitali ngati munthu oimilira, amachitcha Bertha, ineyo ndimangoganiza chintchito chake pa eyapoti pochikweza ndege. Mu 2017 anayambanso kuphunzitsa pa yunivesite ya Harvard ku America.

Anthu otere tiziwaonako mu nyuzi yathuyi.

Wowerenga wanu,
Zomba