Nachisale, usathamangire mbaula ija

Nachisale mnzanga,

Kalata yako yafika, pamodzi ndi chithunzi chija wavala chijekete ngati ukupita ku mwezi. Ku Joni kukuzizira mpaka pamenepo? Kuno ku Ndirande tilipo, kungoti nsapato zanga zayasama kutsogolo ndi ntchito ya kafukufukuyi yoyenda m'makomo kufunsa za umoyo wa ana, ndipo mabwana athu akuti za nsapato sizinalembedwe mu bajeti.

Ukuti ukufuna kutumiza ndalama kuti amayi agule mbaula yamakono, ati mwana wa mng'ono wako asiye kutsokomola. Thukuta ndi lako, koma tandimvera kaye. Kwanu komweko ku Chikwawa, ndiponso ku Karonga, kunachitika kafukufuku wa nkhani yomweyi, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Liverpool pamodzi ndi athu akuno. Analowamo ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Midzi ina inalandira mbaula za Philips zokhala ndi kafani mkati, ziwiri pakhomo, ndi sola yotchajira batire. Midzi ina inapitiriza kuphika pamafuwa, zawo n'kudzalandira kumapeto. Anawo anawatsatira zaka ziwiri, akulemba aliyense wopezeka ndi chibayo kuchipatala. Zotsatira zitatuluka mu 2016, chibayo chinali chimodzimodzi uku ndi uku. Ine nditamva ndinagwira pakamwa, poti tonsefe tinkangoti utsi ukachepa m'khitchini basi nkhani yatha.

Mbaulazo zinkawonongeka pafupipafupi, ndipo mwana sapuma utsi wa pakhomo pawo pokha. Kuseri akuwotcha zinyalala, agogo akusuta chingambwe, kwa aneba moto uli lawilawi. Komanso amayi ako ukuwadziwa iwe. Nsima ya chikhamu chonse chija aphikire pa kambaula? Adzakaika pamwamba pa kabati, akafunditse kansalu koluka, alendo azikaona. Sindikuti utsi ndi wabwino ayi, maso anga omwe amadana nawo. Koma mwanayo akayamba kupuma mothamanga, pansi pa nthiti pakulowa mkati, ndalama yakoyo ikhale ya kabaza wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Usaganize kuti kafukufuku yense amathera m'madzi. Ukukumbukira 2018, ana akubayidwa kuno ndi ku Zingwangwa, Nagama n'kubisa ake pansi pa bedi poopa anamapopa? Anali ana pafupifupi 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka anapatsidwa katemera wa tayifodi, theka wa matenda oumitsa khosi, makolo osadziwa kuti wawo walandira uti. Pamapeto anapeza kuti katemera wa tayifodiyo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2023 boma linamufikitsa dziko lonse. Nagama yemweyo ndiye anali patsogolo pa mzere, chitenje chomangira m'chiuno, akukalipira olowerera.

Koma ntchito yofunsa mafunsoyi yandiwononga mutu, mnzanga. Tsiku lonse ndimakhalira "m'masabata awiri apitawa mwanayu watsokomolapo?" Tsopano khutu langa silimvanso china. Mu minibasi ndikuwerenga zifuwa. Kutchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki, ine ndikusiyanitsa chifuwa chouma ndi cha makhololo kumbali ya amvano. Usiku bambo a kunyumba kuno akangoti khoo, ndadzuka kale, ndikuwafunsa kuti chayamba liti, nanga thukuta la usiku lilipo? Dzana anandiyankha kuti ndiwasainitse kaye fomu yachilolezo, apo ayi akagona pabalaza. Ndikuopa kuti tsiku la maliro anga ndidzadzuka m'bokosi kufunsa woyimbitsa nyimbo ngati anakayezetsa makhololo.

Ndikuseka, koma sabata yatha sindinaseke. Ndinabwerera pakhomo pena pamene ndinalembapo kamtsikana kochangamuka, kankalimbirana nane tabuleti kuti kaone nkhope yake. Ndinapeza mayi ake atakhala pamkeka, kumutu mpala. Pa fomu pali kabokosi ka zoterozo, ukakadina pamatseguka mafunso ena: thupi linatentha masiku angati, anakomokapo, munapita naye kuti, munachedwa chifukwa chiyani. Funso lomalizali limandiwawa kulitchula. Mayiyo anayankha onse bwinobwino, mpaka kunditengera buku la kusikelo kuti ndikopere masiku. Ndikudziwa kuti popanda mayankho otere palibe angadziwe chimene chikupha ana, ndipo ndi momwemo anadziwira kuti katemera wa malungo uja anayambira kuno mu 2019 akupulumutsadi miyoyo. Komabe kamtsikanako kakafika mu kompyuta kali nambala, ndipo amene adzawerenge lipotilo sadzadziwa kuti kanali ndi mpata kumano.

Tabuletiyonso batire lake ndi la manyazi, ikamakwana 2 koloko yafa, ndiye uzipempha potchajira m'ma saluni. Agalu a kumtunda kuja andidziwa ndi fungo. Ndalama ya nkhomaliro imabwera mwezi utatha, nkhomaliroyo utaiwala kale kuti unadya chiyani.

Iii, ndikanaiwala, mlongo wako wa ku Bangwe wakwatira, tinavina. Ukamatumiza katundu pa basi uikemo nsapato zotseka, saizi 6, zolimba, osati zokongola zija umakonda iwe. Pepala landithera, koma za a Phiri ndi mbuzi ya mpingo ija, ukanaona mmene anaimirira pamaso pa madikoni n'kunena kuti

Ndine wako,
Nabanda