Supu wa nsawawa ndi fupa la nkhumba

Okondedwa Anaphiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Dedza. Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti chisanu chafika pachimake ndipo dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane. Munandifunsa chomwe ndimadya nyengo ngati ino. Ndikuuzani za supu mmodzi yekha, chifukwa ndikufuna mudzamuphike kumeneko June akafika.

Ndi supu wa nsawawa zouma, zochotsa khungu n'kuzigawa pakati. M'masitolo amazilemba kuti split peas, zina zobiriwira zina zachikasu. Mukalawa mudzakumbukira chipere, kungoti uyu amadya ndi supuni ndi buledi wopaka batala, osati ndi nsima. Chimene chimamusiyanitsa ndi nyama yake: chigawo cha mwendo wa nkhumba chapafupi ndi chiboda, chothira mchere ndi kuwamba pautsi. Kubutchala chimatchipa poti ndi fupa, khungu ndi mitsempha, komatu kukoma konse kumachokera momwemo. Nyama yopanda fupa siingakupatseni msuzi umenewu.

Mwendowo ndimauviika m'madzi ozizira usiku wonse kuti mchere uchepe, m'mawa n'kutaya madziwo. Kenako ndimauika mumphika waukulu ndi malita 2 a madzi atsopano, anyezi mmodzi wamkulu ndi makaroti awiri, n'kumayengula thovu likamabwera pamwamba. Pakatha ola ndimathira theka la kilogalamu ya nsawawa zotsuka. Izi sizilira kuviika ngati nyemba. Moto uzikhala wochepa, mphika uzingobwata pang'onopang'ono kwa ola linanso kapena kupitirirako.

Apa ndiye pofunika maso, asisi. Nsawawa zikayamba kusungunuka zimamira n'kukakamira pansi, ndipo zikapserera fungo lake limalowa mumphika wonse, simungalichotsenso. Mthiko usatalikire. Pambaula, phulani makala ena. Mchere musathire mpaka kumapeto mutalawa, chifukwa nyama imabwera nawo wake. Ndipo ndikudziwa dzanja lanu lidzafuna kudulira tomato, poti ndiwo zopanda tomato kwathu timaziona ngati zosatha, koma chonde lekani: kuwawasa kwake kumalimbitsa nsawawa, zimakana kufewa.

Madzi nawo ali ndi mbali yawo. A kuno amachokera ku nyanja ya Loch Katrine, kumene mzindawu wakhala ukutunga kuyambira 1859, ndipo alibe laimu wambiri, n'chifukwa chake nsawawa zimapsa msanga. Ngati a pamjigo panu ndi aja osachita thovu ndi sopo, tsinani kasoda pang'ono ngati mmene timachitira ndi therere. Kakachuluka supu amamveka sopo.

Nyama ikayamba kusiyana yokha ndi fupa, ivuuleni, chotsani khungu ndi mafuta, muinyenyenyenye n'kuibwezera mumphika. Tsabola wakuda pang'ono, basi. Supuyu amakoma kwambiri tsiku lachiwiri. Akagona mufiriji amalimba, ndiye potenthetsa mumathirako madzi. Anthu a ku Netherlands, amene wawo amamutcha snert, amafuna wolimba choti supuni iime yokha. Ine wotero amandilemera, ndimakonda woti azitsika bwino pakhosi.

Kwanuko nsawawa sizisowa, za ku Dedza konko ndi ku Ntcheu. Gulani zouma za chaka chino, chifukwa zokhalitsa sizifewa ngakhale muziphike tsiku lonse. Muziphwanye pang'ono pamphero kapena mumtondo, mupete makoko achoke. Mwendo wowamba ukasowa, gulani wauwisi, muupake mchere ndi kuuwamba pamoto wankhuni monga timawambira nyama yoti isungike, ndipo muuphike mpaka upse kwenikweni.

Mundilembere mmene ana akaulandirire, makamaka wamng'ono uja wokana nyemba. Moni kwa bambo a kunyumba ndi kwa amayi.

Ndine mnzanu,
Nabanda