Lipoti la maphunziro a ntchito za zitini omwe munandituma ku Lilongwe

Amayi apampando, alembi, asungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu la ntchito zamanja kuno ku Dedza, landirani moni. Ndabwerako bwino kumaphunziro munandituma aja. Ndalemba lipotili tisanakumane kuti aliyense aliwerenge mofatsa, makamaka anzathu a ku Bembeke ndi ku Linthipe omwe mayendedwe amawavuta nthawi zina. Malisiti a thiransipoti ndi a malo ogona ndapereka kale kwa asungichuma.

Munandisenzetsa funso limodzi: tingachotse bwanji zolemba ndi zithunzi za pazitini za zakumwa kuti chitsulo chitsale choyera? Nonse mukudziwa kuti ogula ena akhala akubweza maluwa ndi mafelemu athu, makamaka ofuna zokongoletsera m'tchalitchi ndi paukwati, chifukwa akatembenuza duwa amapeza dzina la mowa kuseri. Yankho ndabwera nalo. Utotowo umachoka ndithu, koma njira zomwe takhala tikuyesa kwathu kuno zina n'zongotaya nthawi, ndipo ziwiri mwa izo n'zoopsa moti ndikupempha kuti tizisiye lero lomwe.

Kumeneko kunali amisiri ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena okhoma ndowa ndi makoloboyi, ena oluka, ena opanga timagalimoto tamawaya. Mphunzitsi wathu, mayi wodziwa bwino za zitsulo, anayamba ndi kutifotokozera mmene chitini chimapangidwira, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake petulo, palafini ndi sipiriti zakhala zikutikanika. Kufakitale akasindikiza utoto pachitini amathirapo vanishi yoonekera mkati, kenako amachilowetsa mu uvuni kuti zonse ziume ndi kulimba. Choncho ife tikamapukuta ndi petulo timakhala tikupukuta vanishi yowotchedwa kale, utoto weniweniwo uli pansi osakhudzidwa n'komwe. Mkati mwa chitini namonso muli kapulasitiki kopyapyala komwe amapoperamo kuti chakumwa chisadye chitsulo. Mbali yamkati yomwe timaiona yowala ija ndi yokutidwa, n'chifukwa chake guluu ndi penti yathu zimamatuka tikapanda kupalapo pang'ono.

Anatiuzanso kuti khoma la chitini n'lopyapyala kwambiri, pafupifupi milimita imodzi kuigawa pa 10. Aliyense amene wabooleza chitini ndi sandipepa yokhakhala asadabwe.

Musanayambe chilichonse, yesani chitinicho ndi maginito. Ife tikufuna zitini za aluminiyamu. Aluminiyamu sagwira maginito, pomwe chitini chachitsulo wamba chimamatirira. Maginito a musipika ya wailesi yakufa ndi okwanira. Zitini zachitsulo wamba zimachita dzimbiri mukangochotsa utoto, ndiye zisiyeni pambali kapena zipite kwa okhoma makoloboyi.

Njira yomwe inatidabwitsa tonse ndi ya nthunzi. Mayi aja anatenga zitini zopanda kanthu, zotsukidwa bwino, n'kuziika mupoto wotsekeka uja wophikira nyemba msanga, amene ambiri amangoti pulesha kuka. Anathiramo madzi pang'ono pansi, n'kutseka, ndipo poto atayamba kulira anawerenga mphindi 20. Anamuphula n'kudikira kuti nthunzi ithe yokha asanatsegule. Zitini zinatuluka zikuoneka chimodzimodzi mmene zinalowera, moti bambo wina wa ku Salima anapukusa mutu kuti palibe chachitika. Mayi aja anangonyowetsa thonje ndi mankhwala otchedwa asetoni n'kupukuta kamodzi kuchokera kumwamba kutsika pansi. Thonje lonse linasanduka lofiira, ndipo pomwe linadutsa panatsala kanjira kowala, kosalala, kopanda zokandika. Atapukuta chitini china chosaphika ndi asetoni yemweyo, thonje linabwera loyera. Nthunzi yotentha ija ndi imene imafewetsa vanishi kuti mankhwala alowe n'kusungunula utoto.

Ndinafunsa funso lomwe ndikudziwa kuti nanunso mukanafunsa: kodi poto wamba sangagwire ntchito imeneyi? Yankho lake likutikhudza ife a ku Dedza kuposa ena onse. Mupoto wotsekeka uja kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120. Mupoto wamba madzi sapitirira madigiri 100, ndipo amenewo ndi a malo otsika, ofanana ndi nyanja yamchere. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye kuno madzi amawira asanafike n'komwe pamenepo, cha m'ma 95. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno kusiyana ndi ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Zitini zomwe tinawiritsa mupoto wamba kumaphunziroko zinachoka utoto mwa apo ndi apo, zina osachoka n'komwe, makala atatha ambiri.

Za asetoni ndinene pang'ono. Ndi mankhwala omwe amapezeka m'chochotsera kyuteksi, koma si mabotolo onse ali nawo, ndiye werengani pabotolo musanagule. Kumashopu a hadiweya ena amagulitsa asetoni payekha, ndipo pantchito yochuluka ndi amene angatithandize kusiyana ndi timabotolo ta m'saluni. Amauluka msanga, choncho botolo lizitsekedwa nthawi yomweyo mukangonyowetsa thonje. Amayaka moto mosavuta kwambiri. Mbaula yomwe mwaphikira zitini ikhale kutali ndi malo opukutira, wosuta fodya asayandikire, ndipo ntchitoyi izichitikira panja kapena pakhonde. Ndikudziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye kuno timakonda kudzitsekera m'nyumba ndi mbaula pakati, koma pantchito iyi ayi. Ana asakhale pafupi, ndipo thonje logwiritsa kale ntchito liume panja musanalitaye.

Wina anafunsa ngati angaike chitini chosatsegula, chakumwa chili momwemo, kuti chisaphwanyike. Mphunzitsi anakana. Muzikhala zitini zotsegula zokhazokha. Anatsindikanso kuti poto wa zitini asabwererenso kukhitchini kukaphikira chakudya.

Njira yachiwiri ndi yomwe tonse tingayambe mawa lomwe popanda kugula poto, ndiyo yopala ndi sandipepa yamadzi. Chitini chopanda kanthu chimabonyoka mukachikanikiza, ndiye yambani mwachidula. Boolani ndi mpeni pansi pa khosi, zungulizani ndi sizasi kuchotsa mutu, dulani kutsika pansi, kenako chotsani thako. Mumatsala ndi lata lotalika masentimita pafupifupi 20. Liwongoleni polikoka pamphepete pa tebulo mobwezera kupindika kwake, n'kuligoneka pathabwa losalala. Thabwa likakhala ndi kamchenga ngakhale kamodzi, chizindikiro chake chimatulukira palata. Nyowetsani sandipepa ya nambala 400, muzipala molunjika mbali imodzi, osazunguliza, osakanikiza. Utoto ukatha malizani ndi ya 600 kapena sitiluwulu yofewa yotsukira mapoto. Paja nambala ikamakula sandipepa imakhala yosalala. Madzi amathandiza kuti fumbi la utoto lisauluke n'kulowa m'chifuwa. Mukaona madzi ayamba kuda bii, dziwani kuti utoto watha ndipo mwayamba kudya chitsulo chenichenicho, lekani pomwepo.

Lata lopala silinyezimira ngati lophika ndi nthunzi. Limakhala ndi timizere tosalala, ndipo kunena zoona pamaluwa ndi mafelemu ine ndinalikonda kwambiri, chifukwa penti imagwira bwino pamenepo. Vuto lake ndi nthawi ndi mphamvu. Pomwe munthu mmodzi amamaliza lata limodzi ndi sandipepa, wa asetoni anali atapukuta zitini zingapo.

Tsopano ku zoopsa ziwiri zija. Choyamba ndi kositiki. Ena mwa inu mumapanga sopo ndipo muli naye m'nyumba, ndipo ndamvapo maganizo akuti tiviike zitini mmenemo. Mayi aja anatitengera panja, n'kuponya kachidutswa ka chitini m'botolo lagalasi momwe munali madzi a kositiki. Posakhalitsa kanayamba kuchita thovu m'mbali modulidwa muja, botolo linatentha, madzi anada, ndipo pamapeto pake chitsulo chinatha, n'kutsala kachikopa ka utoto ndi pulasitiki kakuyandama. Ndiye kuti kositiki amadya chomwe ife tikufuna n'kutisiyira chomwe tikufuna kutaya. Thovu lija ndi mpweya wa hydrogen, womwe umaphulika ukakumana ndi moto, ndipo madziwo akakudontherani m'maso mukhoza kuchita khungu. Amayi mukudziwa mmene poto wa aluminiyamu amadera mkati mukaphikira therere la soda kapena chidulo. Kositiki amachita zomwezo, koma mwaukali kwambiri.

Chachiwiri ndi kuwotcha zitini pambaula, zomwe achinyamata athu ena akhala akuchita. Utsi womwe umatuluka ndi wa utoto, vanishi ndi pulasitiki yamkati ija, ndipo si woyenera kuupuma. Chitsulo chimatuluka chamawangamawanga, chofewa, ndipo pamakala oyaka bwino chimakwinyika n'kusungunuka, poti aluminiyamu amasungunuka pamadigiri 660 okha. Munthu umawononga chifuwa ndi chitini chomwe.

Panali mtsutso womwe ndikufuna muudziwe. Amisiri ena, makamaka ogulitsa kwa alendo akunja, ananena kuti kuchotsa utoto n'kutaya msika, chifukwa mlendo amagula kagalimoto kapena ndolo poona kuti zapangidwa ndi chitini, ndipo mitundu yowala ija ndiyo imamukopa. Ndikugwirizana nawo mbali imodzi. Ife tili ndi ogula amitundu iwiri. Odutsa pamsewu wa M1, oima ku Dedza Pottery kapena opita ku Mua, ambiri angakonde chitini chioneke kuti n'chitini. Ogula akwathu kuno, a zaukwati, a m'mipingo ndi a m'sukulu, amafuna choyera. Maganizo anga ndi akuti tisamachotse utoto pa chilichonse mwachizolowezi. Chinthu chooneka mbali imodzi, monga felemu yomatidwa pathabwa, tingotembenuza lata kuti mbali yamkati ikhale pamwamba, basi. Tizivutika ndi nthunzi kapena sandipepa pa zinthu zooneka mbali zonse, monga maluwa, ndolo ndi nyenyezi zopachika.

Ndinaonanso chinthu china chophweka chomwe sitinachiganizirepo. Mayi wina wa ku Zomba amadula timalata toyera, n'kutiika pamwamba pa katoni, n'kulemba mokanikiza ndi bolopeni yotha inki. Zilembo zimalowa m'chitsulo ndipo mvula kapena dzuwa sizizifufuta. Amagulitsa kwa a nazale za mitengo kuti azilembapo mayina a mbande ndi tsiku lofesa. Ndi mmene nazale zachulukira kuno kwathu, msika umenewu tiuyese. Kalembedwe komweko tingajambulire mizere ndi zozungulira pandolo. Ena anatchula zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, omwe bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006. Ine ndinati zimenezo tiyambe tafunsa akuluakulu, chifukwa zina mwa izo zimakhudza chinamwali ndi gule, si zongokopera pa chinthu chogulitsa.

Lata loyera likatha kukonzedwa, pindani m'mbali mwake kapena mupalemo ndi sandipepa, chifukwa limacheka kwambiri, ndipo ndolo yocheka khutu idzatiipitsira mbiri. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma amazilala pakapita nthawi ndiponso zala zimasiyapo zizindikiro, ndiye pakani vanishi yoyera pang'ono pomaliza.

Mitu, matako ndi zodulidwa zonse tisamataye. Tizisonkhanitsa m'thumba limodzi n'kugulitsa kwa osungunula mapoto kapena ogula zitsulo zakale. Chitini cha mamililita 330 chimalemera magalamu pafupifupi 14, ndiye pamafunika zitini ngati 70 kuti zikwane kilogalamu imodzi. Ndalama yake ndi yochepa, koma ingatigulire sandipepa. Anatiuza kuti kusungunula aluminiyamu wakale kumapulumutsa pafupifupi 95 peresenti ya magetsi omwe amafunika popanga watsopano kuchokera kumiyala, n'chifukwa chake ogula sasowa.

Pamsonkhano ukubwerawu ndikupempha tigwirizane zinthu izi. Gulu likhazikitse lamulo loletsa kositiki ndi kuwotcha zitini pantchito yathu. Tikambirane ngati thumba lathu lingakwanitse kugula poto wotsekeka mmodzi, ngakhale wogwiritsidwapo kale ntchito, bola labala yapachivundikiro ndi potulukira nthunzi zikhale zabwinobwino, ndipo tisankhe anthu awiri oti azimusamala ndi kuphika zitini za gulu lonse tsiku limodzi pamlungu. Alembi atifunsire mtengo wa poto ndi wa asetoni tsikulo lisanafike. Achinyamata omwe amatolera zitini kumalo omwera zakumwa ndi kuchipata cha malire awapemphe eni malo kuti asamaziphwanye ndi phazi, chifukwa chitini chopondedwa sichiwongokanso bwino.

Ine ndidzabwera ndi timalata tomwe ndinakonza kumaphunziro, tophika ndi topala, kuti mudzatigwire n'kusiyanitsa nokha. Aliyense abwere ndi zitini zisanu zotsuka, sizasi yakale, kathabwa kosalala ndi magolovesi ngati ali nawo. Tidzayamba ndi sandipepa tsiku lomwelo.

Ndine nthumwi yanu.